Makampani a ndege akaphatikizana, nambala ya pailoti imapita kuti?

Ndege ikatera pa Mfuwe, alendo opita ku South Luangwa akutsika ndi makamera awo, kutsogolo kumatsala anthu awiri ovala malaya oyera akumalizitsa mapepala. Wa pampando wa kumanzere ali ndi mizere inayi paphewa, ameneyo ndiye kaputeni. Wa kumanja mizere yake ndi yochepa, ndiye wachiwiri wake. Onse awiri amadziwa kuulutsa ndegeyo, ndipo kawirikawiri amasinthana: wina aiyendetsa pochokera ku Lusaka, wina pobwerera. Ambirife timangoti wa kumanzereyo anafika pamenepo chifukwa amaposa mnzake luso. Mayeso alipo ndithu, ndipo si ofewa. Koma m'makampani akuluakulu a ndege, makamaka ku America ndi ku Canada, chimene chimamufikitsa munthu pakhomo la mayesowo ndi nambala yake pa mndandanda wa mapailoti a kampaniyo, ndipo nambalayo imachokera pa tsiku limene analembedwa ntchito.

Moyo wonse wa pailoti umayenda pa nambala imeneyi. Mwezi uliwonse kampani imatulutsa maulendo a mwezi wotsatira, aliyense n'kulemba zimene akufuna. Kompyuta imayamba ndi nambala 1, kumupatsa zonse zimene wapempha, kenako nambala 2, mpaka kumunsi. Wa pamwamba amasankha kukhala pakhomo pa Khirisimasi ndi pa tsiku la ukwati wa mwana wake. Wa kumunsi amatola zotsala, ndipo nthawi zambiri sakhala ndi maulendo akeake. Amangokhala pafupi ndi bwalo la ndege, chikwama cholongedza kale, yunifolomu yosita ili pa hang'ala, foni ili pambali pa pilo, kudikira kuti wina adwale kuti aitanidwe 3 koloko ya usiku. Mzinda umene munthu adzakhalemo, mtundu wa ndege imene adzaphunzitsidwe, chaka chimene adzasamukire kumpando wa kumanzere, zonse zimatsata mndandanda womwewo.

Malipiro nawo ali pomwepo. Pailoti wa ku America amalipidwa pa ola, ndipo mtengo wa olalo umadalira mpando, kukula kwa ndege ndi zaka zimene wagwira. Lamulo la kumeneko silimulola kuuluka maola oposa 1,000 pa chaka, choncho sanganene kuti ndigwira usiku ndi usana kuti ndipeze zambiri. Njira yokwezera ndalama ndi kukwera mpando kapena kukwera ndege yaikulu yowoloka nyanja. Nthawi nayonso ili ndi malire: pa maulendo a pakati pa mayiko, pailoti wa ndege zonyamula anthu amasiya akakwana zaka 65. Zaka zitatu zimene munthu wachedwa kukhala kaputeni sizidzabwereranso. Ndipo bizinesi ikagwa, kampani imaimitsa anthu kuyambira kumunsi kwa mndandanda, wolowa pomaliza n'kukhala woyamba kutuluka.

Chovuta kwambiri n'chakuti nambalayi sinyamulika. Namwino wa zaka 20 akachoka pa Chipata Central Hospital kupita ku chipatala china, zaka zakezo amapita nazo. Kaputeni wa zaka 20 akachoka pa kampani imodzi ya ku America kupita ku ina, amakayambira pansi penipeni, kumpando wa kumanja, pa malipiro a chaka choyamba. Ku Africa kuno ndi ku mayiko a Aluya makampani ena amalemba kaputeni kuti alowe ngati kaputeni pa kontrakiti, koma kumene mayuniyoni ali ndi mphamvu khomo limenelo ndi lotseka. Ndiye chifukwa chake pailoti amaimirira nambala yake ngati munda wa makolo.

Wina angafunse kuti n'chifukwa chiyani anthu ophunzira chotere anavomera kumangidwa ndi tsiku lolembedwa ntchito. Yankho lili m'mbiri. Kale, pamene ndege zinkanyamula makalata ku America, mabwana ankakakamiza mapailoti kuuluka ngakhale kunja kuli chifunga kapena mphepo yoopsa, ndipo wokana ankadziwa kuti ntchito yake ili pangozi. Yuniyoni ya mapailoti ya ALPA, imene inakhazikitsidwa mu 1931 motsogozedwa ndi David Behncke, inalimbana ndi zimenezi. Mndandanda wotsata tsiku lolowera unachotsa m'manja mwa bwana mphamvu yokweza wokondedwa wake ndi kupondereza wolankhula. Kaputeni angathe kunena kuti ndege iyi siinyamuka mpaka makaniko aikonze, osaopa kuti adumphidwa pa kukwezedwa. Ife okwera timapindula ndi ufulu umenewo ngakhale sitiuona. Kwa ine ichi n'chifukwa chokwanira choulemekezera mndandandawo, ngakhale uli ndi nkhanza zake.

Nkhanzazo zimaonekera poyera makampani awiri akakhala imodzi. Ndege amazipaka utoto umodzi, matikiti amagulitsira pamodzi, koma mindandanda iwiri ija iyeneranso kukhala umodzi, ndipo nambala 1 sangakhale anthu awiri. Amene anaimapo pa siteshoni ya Kapata akudziwa kuti minibasi imadzaza motsata mzere, ndipo dalaivala amadziwa amene ali kutsogolo kwake ndi amene ali kumbuyo. Tsono akhonsolo atanena kuti kuyambira mawa masiteshoni awiri adzazira pamalo amodzi, funso loyamba la dalaivala aliyense lingakhale lakuti ine ndiima pati. Pa siteshoni mzere umayambanso m'mawa mwake. Wa mapailoti ukangolembedwa umakhala womwewo mpaka munthu kupuma ntchito.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti vutoli lioneke. Kampani yakale ili ndi mapailoti 100, koma yakhala pa mavuto a ndalama moti kwa zaka 12 sinalembe munthu watsopano. Wotsiriza pa mndandanda wake wagwira zaka 12 ndipo akadali kumpando wa kumanja. Kampani inayo yangotha zaka 8, ikukula, nayonso ili ndi mapailoti 100, theka la iwo makaputeni. Tikatsata tsiku lolembedwa ntchito, onse a kampani yakale akhala pamwamba. Kaputeni wamkulu wa kampani yatsopano, amene dzulo anali nambala 1, adzuka ali nambala 101, kumbuyo kwa munthu amene anali wotsiriza kwawo. Ntchito zikachepa, otuluka onse achokera ku kampani yatsopano, imene inalibe vuto lililonse. Tikasintha n'kunena kuti tiwaluke mmodzi uku mmodzi uku, kuti aliyense akhale pafupi ndi pamene anali, bambo wa zaka 12 uja akhala nambala 199, phewa ndi phewa ndi mnyamata amene walembedwa mwezi watha. Ndipo popeza a kampani yakale ndi achikulire, akamapuma ntchito mipando ya ndege zazikulu zimene anabwera nazo itsalira achinyamata a mbali inayo. Aliyense mwa awiriwa akamadandaula akunena zoona. Palibe njira imene singapweteke wina.

Njira yachitatu ndi yongomata gulu lonse la kampani yogulidwa kumunsi kwa mndandanda wa ogula. Izi zinachitika poyera mu 2001, American Airlines itagula katundu wa TWA, kampani yakale yotchuka imene inali itagwa pa ndalama. Kuti malondawo atheke, mapailoti a TWA, amene analipo pafupifupi 2,300, anavomera kusiya ndime za mgwirizano wawo zimene zikanawapatsa ufulu wopita kwa mkhalapakati. Mndandanda unakonzedwa ndi American pamodzi ndi yuniyoni ya mapailoti ake, Allied Pilots Association. Ena a TWA analukidwa pakati, koma oposa theka anaikidwa kumunsi kwenikweni, kuseri kwa anthu amene anali atangolowa kumene ku American. Ogwira ntchito yosamalira okwera m'ndege a TWA anaikidwa kumunsi onse. Chakudza sichiimba ng'oma: patangopita miyezi yochepa zigawenga zinaukira America ndi ndege pa 11 Seputembala, anthu anachepa m'ndege, ndipo kuimitsa anthu kunayambira kumunsi kuja. Anthu a zaka zambiri pa ntchito anapezeka ali pakhomo.

Mapailoti a TWA anasumira ALPA, yuniyoni yawo yomwe, kuti sinawamenyere nkhondo mokwanira. Mu 2011 khoti linagwirizana nawo, ndipo mu 2014 nkhaniyo inatha ALPA itavomera kulipira madola 53 miliyoni. Koma chisanafike chimenecho, masenata awiri a dera la Missouri, Claire McCaskill ndi Kit Bond, anali atakankha kale lamulo latsopano. Likulu la maulendo a TWA linali ku St. Louis, m'dera lawolo, choncho ovulalawo anali anthu awo owavotera. Lamulo la McCaskill-Bond la Disembala 2007 limati mindandanda iphatikizidwe mwachilungamo, ndipo mbali ziwirizo zikalephera kumvana, nkhani ipite kwa mkhalapakati amene chigamulo chake n'chomanga. Mfundozi anazitenga pa malamulo amene boma linaika mu 1972 pamene kampani ya ndege ya Allegheny inkaphatikizana ndi ya Mohawk.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya US Airways ndi America West, chifukwa kumeneko mkhalapakati analipo, chigamulo chinaperekedwa, koma mtendere sunabwere. Makampaniwa anaphatikizana mu 2005. US Airways, ya kum'mawa kwa dzikolo, inali yakale ndi yaikulu, koma inali itagwa pa ndalama kawiri, mu 2002 ndi mu 2004. Mapailoti ake anali atataya penshoni yawo mu 2003, malipiro awo atadulidwa kwambiri, ndipo mwa anthu pafupifupi 5,100 a pa mndandanda wawo, 1,700 anali oimitsidwa, akudikira kuitanidwanso. America West ya ku Arizona inayamba kuuluka mu 1983, ndipo mapailoti ake pafupifupi 1,900 onse anali pa ntchito. Magulu onse awiri anali mu ALPA, ndipo anagwirizana zopita kwa mkhalapakati, George Nicolau.

A kum'mawa anaumirira pa tsiku lolembedwa ntchito. A kumadzulo anati sizingatheke kuti munthu amene analibe ntchito pa tsiku la kuphatikizana adumphe munthu amene anali m'ndege akuuluka. Mu Meyi 2007 Nicolau anagamula. Malo pafupifupi 500 a pamwamba anawapereka kwa a kum'mawa, chifukwa ndiwo anabwera ndi ndege zazikulu zowoloka nyanja. Otsatira anawaluka. Oimitsidwa aja anawaika pansi pa mapailoti onse a America West. Zotsatira zake, munthu wolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anapezeka pafupi ndi munthu amene anali atangolowa kumene ntchito ku Arizona. Ndikamaganiza za bambo ameneyo, penshoni yapita, malipiro adulidwa, tsopano auzidwa kuti zaka zake zonsezo zikulingana ndi miyezi ya wina, mkwiyo wake ndimaumva.

Koma chimene anachita ndi mkwiyowo sindigwirizana nacho. A kum'mawa anali ambiri, ndipo anagwiritsa ntchito kuchuluka kwawo. Mu Epulo 2008 anavota kuchotsa ALPA n'kuika yuniyoni yatsopano, USAPA, imene malamulo ake ankanena kuti mndandanda uzitsata tsiku lolembedwa ntchito. A kumadzulo anapezeka akuimiridwa ndi yuniyoni imene inabadwira kugwetsa chigamulo chowakomera. Panali kachingwe kamodzi kamene kanamanga zonse: mndandanda wa Nicolau unkayenera kuyamba kugwira ntchito pokhapokha pakhale mgwirizano umodzi wa malipiro wa mapailoti onse. Kuti mndandandawo usayambe, mgwirizanowo unayenera kusakhalapo. Choncho kwa zaka ndi zaka a kum'mawa anakhalabe pa malipiro otsika a nthawi imene kampani inagwa, pamene anzawo a makampani ena ankakwezedwa. Ndege zinali za utoto umodzi, dzina limodzi, koma wa kum'mawa ndi wa kumadzulo sankakhala m'chipinda chimodzi choyendetsera. Pamene kampani inaimitsa anthu mu 2008, ena a kumadzulo amene mndandanda wa Nicolau ukanawateteza anatuluka. Milandu inayenda m'makhoti, khoti lina likugamula uku, la apilo likubweza, mpaka mu 2015 khoti la apilo linapeza kuti USAPA sinawaimire mwachilungamo a kumadzulo. Mu 2011 woweruza anachita kulamula yuniyoniyo kuti isiye kuchedwetsa dala maulendo.

Amene anapindula ndi mkanganowu ndi eni kampani, amene kwa zaka zonsezo ankalipira mapailoti awo motsika poyerekeza ndi makampani ena akuluakulu. Mndandanda wa Nicolau sunagwirepo ntchito. Nkhaniyi inamezedwa ndi kuphatikizana kwina, pamene US Airways inalowana ndi American Airlines mu Disembala 2013, ndipo mndandanda umodzi wa magulu onse atatu unatuluka mu Seputembala 2016, patatha zaka 11 chiyambire. Ambiri amene anayamba nkhondoyo anafika zaka zopumira isanathe.

Delta ndi Northwest, pophatikizana mu 2008, anayamba ndi mbali ina. Kampani ndi mapailoti anayamba agwirizana za malipiro amodzi a onse, okwezedwa, pamodzi ndi masheya mu kampani yatsopanoyo, malonda asanatsekedwe mu Okutobala. Za mndandanda anazipereka kwa akhalapakati atatu, amene anagamula mu Disembala chaka chomwecho. Odandaula analipo, koma popeza mgwirizano wa malipiro unali utasainidwa kale, panalibe amene akanaugwira ngati chikole. Anaikanso zimene amazitcha mipanda: kwa zaka zingapo, mipando ya ndege zina zazikulu inasungidwira mbali imene inabwera nazo, kuti munthu amene anatsala pang'ono kufikapo asalandidwe pakamwa. United ndi Continental, amene anaphatikizana mu 2010, anatsata dongosolo lomwelo ngakhale mochedwerapo: mgwirizano wa malipiro mu Disembala 2012, mndandanda mu Seputembala 2013.

Akhalapakati a masiku ano sayang'ana chinthu chimodzi. Amayeza zaka zimene munthu wagwira, mpando ndi mtundu wa ndege imene anali nayo, ndiponso tsogolo limene akanaliyembekezera kampani yake ikanakhala yokha. Chachitatuchi ndicho chimabala mikangano, chifukwa mbali iliyonse imabwera ndi akatswiri ake kudzaonetsa kuti kampani ya anzawo inali pafupi kufa ndipo yawo ndiyo inawapulumutsa.

Musaganize kuti ndi matenda a ku America kokha. Ku India boma linaphatikiza Air India ndi Indian Airlines mu 2007, koma malipiro ndi ukulu wa pa ntchito anazisiya zosakonza. Mu 2011 mapailoti ochokera ku Indian Airlines ananyanyala ntchito pofuna malipiro ofanana ndi a anzawo. Mu 2012 ochokera ku Air India nawonso ananyanyala kwa pafupifupi miyezi iwiri, pokana kuti anzawo aja aphunzitsidwe ndege zatsopano za Boeing 787, zimene iwo ankaziona ngati zawo. Ndipo mu 2024, Vistara ikukonzekera kulowa mu Air India, mapailoti ambiri ananena kuti adwala pa nthawi imodzi atauzidwa za kawerengedwe katsopano ka malipiro, maulendo ambiri n'kulephereka. Ku Canada, Air Canada itatenga Canadian Airlines, chigamulo choyamba cha mndandanda cha mu 2001 chinagwetsedwa, n'kubwera china mu 2003.

Kwathu kuno mbiri yathu ya ndege ndi ya kugawikana ndi kugwa kuposa kuphatikizana. Central African Airways inagawika mu 1967, n'kutsala Zambia Airways, Air Malawi ndi Air Rhodesia aliyense payekha. Zambia Airways, ya DC-10 ija yotchedwa Nkwazi, inatsekedwa mu Disembala 1994, ndipo mndandanda wake unafera pomwepo, antchito ake n'kubalalika. Zambian Airways inaima mu Januwale 2009. Zambia Airways ya lero inayamba kuuluka mu Disembala 2021, boma kudzera mu kampani yake ya IDC lili ndi magawo 55 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines 45. Kutsidya kwa Mwami, Ethiopian yomweyo ili ndi magawo 49 mu kampani ya ndege ya Malawi. Kenya Airways ndi South African Airways anasainirana mu 2021 zofuna kugwirira pamodzi. Makampani a ndege a m'chigawo chino ndi aang'ono, mafuta ndi okwera mtengo, ndipo kampani yaing'ono ikatopa njira zimatsala ziwiri, kutseka kapena kulowa mwa ina. Tsiku limenelo likadzafika, funso la amene adzakhale kumanzere lidzabuka, ndipo lidzabwera ndi lina lowawa kwambiri, la pailoti wa m'dziko muno ndi wobwera pa kontrakiti.

Ngakhale amene sanakwerepo ndege nkhaniyi sangaione yachilendo. Finance Bank ndi BancABC zinakhala Atlas Mara. Access Bank inatenga Cavmont mu 2021, kenako Atlas Mara yomweyo mu 2024. Paliponse pamene nthambi ziwiri za m'tauni imodzi zasanduka imodzi, mamanijala awiri amayang'ana mpando umodzi. Employment Code Act ya 2019 imanena kuti kontrakiti ya munthu isasamutsidwire kwa bwana wina iye asanavomere, ndipo wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa alandire malipiro osachepera a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene wagwira. Zimenezo zimathandiza wotuluka. Wotsala, amene zaka zake ziyenera kuyezedwa ndi za anthu a kampani ina, chomuteteza chenicheni ndi zimene yuniyoni yake inalembetsa mu mgwirizano nthawi ya mtendere: kuti mindandanda idzaphatikizidwa motani, adzagamula ndani mbali ziwirizo zikakanika kumvana, ndiponso kuti chigamulocho chidzayamba kugwira ntchito tsiku liti popanda kudikira pepala lina. A TWA ndime yoteroyo anali nayo koma anaisiya pofuna kupulumutsa ntchito zawo. A US Airways anali nayo, koma tsiku loyambira linasiyidwa m'manja mwa gulu limene linaluza.

Makolo a ku Katete, Petauke kapena Lundazi amene mwana wawo akulota za ZASTI, sukulu ya za ndege ya ku Lusaka, kapena sukulu za ndege za ku South Africa amawerengera ndalama za maphunziro ndi maola 1,500 ofunika kuti munthu apeze laisensi ya ukaputeni wa ndege zazikulu. Awerengerenso ichi: mwanayo akadzalowa kampani yotsata mndandanda, miyezi isanu ndi umodzi yochedwa kulembedwa ingathe kumuika kumbuyo kwa anthu ambirimbiri kwa zaka 30. Asanasaine, afunse ngati kampaniyo ili ndi mndandanda wolembedwa, ngati makaputeni obwera kuchokera kunja amalowa pamwamba pake kapena pansi pake, ndi zimene mgwirizano ukunena kampaniyo ikadzagulidwa.